Duwa la ku England ndi Akakombo a Kwathu ku Lundazi

     

Lero tikamba za maluwa. Inde, maluwa. Ndikudziwa kuti bambo wina watambasula kale dzanja kuti asinthe siteshoni ya wailesi. Taimani kaye, bambo. Za mtengo wa feteleza tidzakamba tsiku lina. Lero nkhani ndi ya pakhomo, pamene mayi amasesa m'mawa uliwonse.

Tiyambire kutali, kenako tibwere kwathu.

Ambiri tili ndi ana kapena achibale ku Britain. Ena ndi anamwino, ena ali pa sukulu. Ikafika Epulo, amatumiza zithunzi pa WhatsApp. Mwaziwonapo? Nkhalango yonse, pansi pali buluu yekhayekha mpaka kumene maso alekezera. Duwa limenelo dzina lake ndi bluebell. Ndi lalifupi, silipitirira m'mawondo. Phesi lake limaweramira mbali imodzi, ndipo timaluwa take ndi timabelu tolendewera, tonunkhira bwino. Akatswiri amati mwina theka la maluwa a mtundu umenewu padziko lonse lili ku Britain.

Ndiye mayi akaona chithunzi chija mtima umadumpha. Amati, mwanawe, pobwera ku tchuthi unditengereko mbewu yake. Funso lathu lero ndi limeneli. Kodi bluebell angamere ku Lundazi?

Ndiyankha mosazungulira. Kuphuka akhoza kuphuka. Kukhazikika sangakhazikike. Ndibwereze. Akhoza kutulutsa masamba, mwina ndi duwa kamodzi, koma chaka chachiwiri kapena chachitatu mudzapeza dothi lokha.

Chifukwa chake nchiyani? Nonse mukuidziwa Castle Hotel, nyumba ya nsanja ija m'mbali mwa damu pa boma. Anaimangitsa bwanankubwa wa boma lino, Errol Button, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, potengera nyumba zamalinga za ku Ulaya. Njerwa zinapezeka. Amisiri anapezeka. Nyumba ilipo mpaka lero. Koma chisanu cha ku England palibe mmisiri amene angachiumbe. Ndipo chisanu ndicho bluebell amafuna.

Tamverani mmene duwali limakhalira kwawo. Pansi pa dothi lili ndi kanyezi. Kanyezi kameneka ndi nkhokwe yake. Kwawoko amakabzala chisanu chisanayambe. Kamakhala miyezi ingapo m'dothi lozizira kwambiri, komanso lonyowa. Kuzizira kumeneko ndiko kumakadzutsa. Chisanu chikamatha, mitengo ikuluikulu imakhala ilibe masamba, ndiye dzuwa limafika pansi. Bluebell amathamangira mpata umenewo. Amatulutsa masamba, amachita maluwa mu Epulo ndi Meyi, amadzaza nkhokwe ija. Mitengo ikavala masamba n'kutseka dzuwa, iye watha kale ntchito. Masamba ake amauma, kanyezi n'kugona mpaka chaka chamawa.

Nanga kwathu kuno? Zinthu ndi zotembenuka. Juni ndi Julayi kumazizira ndithu, ana amapita ku sukulu manja ali m'khwapa. Koma dothi limakhala louma gwa. Mvula ikabwera, dothi limanyowa koma ndi lofunda. Kuzizira ndi chinyezi sizikumana kwathu kuno. Mukawonjezera dzuwa la Okutobala, limene limaotcha phazi pabwalo, kanyezi ka ku England kamangopsa kapena kuola. Alipo ena m'mayiko otentha amene amasunga anyezi a maluwa mu firiji kuti awanamize kuti chisanu chafika. Chaka ndi chaka, firiji. Ndi magetsi athu ozimazimawa, ndani angazithe?

Palinso za malamulo. Chomera sichilowa m'dziko ngati sopo wa m'chikwama. Pamafunika chilolezo cha ku Unduna wa Zaulimi, kuopa kulowetsa matenda ndi tizilombo. Musamuike mwana wanu m'mavuto pa bwalo la ndege chifukwa cha duwa.

Tsopano tibwerere kwathu, pakuti apa ndi pamene pagona nkhani.

Akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Zimene bluebell amachita ku England, maluwa athu amachitanso m'thengo mwathu muno. Kusiyana kwake n'kumodzi. Iye amadzutsidwa ndi chisanu. Athu amadzutsidwa ndi mvula.

Tayendani m'tchire mvula ya chizimalupsa itangodutsa. Pansi pali bii ndi lupsa. Mitengo ya mombo ndi tsamba yatulutsa kale mphukira zake zofiira. Ndiye pamthunzi, nthawi zina m'mbali mwa chulu, mumangoona mpira wofiira psu uli pa phesi limodzi. Masamba sanatambasuke, duwa lafika kale. Mukauyandikira mpirawo mupeza kuti ndi timaluwa tambirimbiri tothithikana, kalikonse kali ndi tiulusi tofiira tokhala ndi kadontho kachikasu kunsonga. Pa Chingerezi amati fireball lily. Anyamata oweta ng'ombe amalidziwa bwino. Dzulo panalibe kanthu pamenepo. Lero pali moto wosaotcha. Linali kuti miyezi yonseyi? Linali pansi, m'kanyezi kake, kudikira.

Mvula ikakhazikika, cha m'ma Disembala ndi Januwale, kumabwera lina. Ili ndi loyanga. Nsonga ya tsamba lililonse imapindika n'kukola udzu kapena kamtengo, ndiye limakwera. Duwa lake limayang'ana pansi, koma timasamba take ta duwa timatembenukira kumwamba, topotanapotana, tofiira kunsonga ndi chikasu kutsinde. Limeneli ndi flame lily. Anzathu a ku Zimbabwe analisankha kukhala duwa la dziko lawo, ndipo lamulo lawo limaliteteza. Ife timalidula ndi khasu popalira m'mphepete mwa munda, osatembenuka n'komwe.

Ku madambo ndi m'mbali mwa mitsinje kuli akakombo akuluakulu oyera, a mizere yapinki, a anyezi wamkulu kuposa chibakera cha munthu. Madzulo fungo lawo limamveka patali.

Wina ati, koma ine ndimafuna buluu. Chabwino, mayi. Buluu aliponso. Kuli agapanthus, wochokera ku South Africa, amene mumamuona m'mayadi a ku Lusaka. Masamba ake ndi aatali, ndipo phesi limanyamula mulu wa maluwa a buluu pamwamba. Iyeyu alibe kanyezi kenikeni, ali ndi mizu yonenepa yosunga madzi. Kulinso plumbago, kachitsamba ka maluwa a buluu wotuwira, kopirira dzuwa, koyenera kumpanda. Ngakhale khovani amene timalimbana naye m'munda wa chimanga, mwamuyang'anapo duwa lake m'mawa mame asanaume? Sindikuti mum'bzale, ayi. Ameneyo mukamulowetsa pakhomo sadzachokanso. Ndikungoti buluu si wa ku Ulaya kokha.

Tsopano tilowe mu ntchito yeniyeni. Tibzale bwanji? Tisamale bwanji?

Choyamba ndi malo. Maluwa a m'nkhalango amafuna mthunzi wa madangamadanga. Dzuwa la m'mawa liwapeze, la masana liwaphonye. Kum'mawa kwa nyumba ndi kwabwino. Pansi pa mtengo wa mango waukulu si pabwino, mthunzi wake ndi wandiweyani ndipo mizu yake imalanda madzi onse. Pewaninso pamene madzi a padenga amagwera. Kanyezi sikafuna kukhala m'chithaphwi. Ngati dothi lanu ndi lamakande, kwezani bedi, sakanizani ndi mchenga wa kumtsinje ndi manyowa owolerana. Ndati owolerana. Ndowe zaziwisi za m'khola zimaotcha. Agapanthus ndi plumbago okha ndiwo angapirire dzuwa lochulukirapo.

Apa ndikhudze nkhani ya tsache, ndipo amayi mundikhululukire. Kwathu kuno pakhomo paukhondo ndi pamene paseseredwa mbee, popanda tsamba ngakhale limodzi. Zinyalala timaunjika n'kuyatsa. Pabwalo n'zoona, sesani, njoka ndi zinkhanira zisapeze pobisala. Koma pa bedi la maluwa tsache lisafike. M'nkhalango ndani amasesa? Masamba ogwa ndiwo chakudya cha dothi. Ndiwo amaliphimba kuti lisapse. Tengani masamba amene mukanatentha aja, muwayale pa bedi. Chiswe chikayamba kuwatsata, ayaleni mopyapyala, asagunde tsinde la duwa, ndipo muziyang'anira.

Chachiwiri ndi kabzalidwe. Apa musawaphatikize onse. Kakombo wa mpira wofiira uja safuna kukwiriridwa mozama. Khosi la kanyezi likhale pafupi ndi pamwamba pa dothi. Kakombo wa kudambo chimodzimodzi, khosi lake lizionekera. Flame lily ndi wina. Iye pansi ali ndi kachinthu kotalika, kamphanda, kosachedwa kuthyoka. Diso lake lophukira lili kunsonga kwenikweni. Mukathyola nsongayo, basi, sikameranso. Kagwireni mwaulemu. Kagonekeni chogona, kuya kwake kutalika kwa chala chanu chamkombaphala. Ndipo zikani kamtengo koyangapo tsiku lomwelo. Mukadzazika pambuyo pake mudzabaya chimene mwabzala.

Nthawi yake ndi ino, mvula isanagwe. Musadikire Khirisimasi.

Chachitatu, ndipo ichi ndicho chachikulu pa zonse. Duwa likafota, masamba musadule. Mwamva? Masamba musadule.

Anthu ambiri amalakwira pamenepa. Duwa latha, patsala masamba okhaokha, ena ayamba chikasu, akugwera pansi. Mwini nyumba amati zikunyansitsa pakhomo, amatenga chikwakwa. Chaka chamawa duwa silibwera, ndiye amati mbewu yake inali yoipa. Ayi. Masamba aja ndiwo anali kututira chakudya m'nkhokwe. Duwa la chaka chamawa limakonzedwa chaka chino, maluwa atatha kale. Mukadula masamba akali obiriwira, mwatseka nkhokwe ili pakatikati. Asiyeni aume okha. Akauma, amachoka ndi dzanja, osakoka mwamphamvu.

Ku England nakonso lamulo ndi lomweli. Amachenjeza anthu kuti asaponde bluebell poyenda m'nkhalango. Masamba ake akaphwanyidwa ndi nsapato, chomeracho chimatenga zaka kuti chibwerere, mwina kufa kumene. N'chifukwa chake m'nkhalango zambiri amapempha alendo kuti asapatuke pa njira. Ifenso tiuze ana, mpira wawo ukagwera pa bedi, alowe ndi phazi limodzi.

Chachinayi ndi nthawi yogona. Mvula ikatha, cha m'ma Meyi, akakombo athu amazimirira. Pamwamba sipaoneka kanthu. Apa pali ngozi ziwiri. Ina ndi chifundo. Mayi amaona pouma, amayamba kuthira madzi otsukira mbale tsiku ndi tsiku. Kanyezi kogona kakamizidwa m'madzi kamaola. Madzi amenewo apatseni agapanthus ndi plumbago, amene sagona, bola asakhale a sopo wambiri kapena mafuta. Ngozi ina ndi kuiwala. Mwatuma mwana kuti alime pakhomo, iye sadziwa kuti pansi pali chinthu. Khasu kha! Kanyezi pakati. Zungulizani miyala pamalopo, kapena zikani kachikhomo. Chikhomocho chimalankhula inu mukachokapo.

Nanga adani? Woyamba mukumudziwa. Mbuzi. M'chilimwe ziweto zikamasulidwa, chilichonse chobiriwira ndi ndiwo. Nkhuku nazo zimapalasa bedi lonse kufuna chiswe. Popanda kampanda ka bango kapena ka minga, musavutike n'kubzala komwe. Kulinso mbozi ina yakuda ya mawanga achikasu, imene imakonda akakombo ndi agapanthus. Imayambira m'tsamba, imaboola, n'kutsika mpaka m'kanyezi. Mukaona tsamba lafota pakati pa dzinja, ling'ambeni muone. Mukaipeza, itoleni ndi kuipha isanatsike. Mankhwala ogula si ofunika pa bedi laling'ono. Maso anu m'mawa uliwonse ndi okwanira.

Tsopano funso lovuta. Mbewu tiitenge kuti?

Ndikudziwa zimene ena mwaganiza kale. Mawa m'mamawa, khasu paphewa, ulendo wa kuthengo. Taimani. Kuthengo musakumbe.

Ku Britain anafika pokhazikitsa lamulo. Kuyambira mu 1998, kukumba bluebell wa m'thengo kuti ukagulitse ndi mlandu. Anaona kuti amalonda akhoza kukokolola m'masiku ochepa nkhalango imene inatenga zaka mazana kuti idzale. Pajatu bluebell wofesedwa kuchokera ku njere amatha zaka zisanu kapena kuposerapo asanachite duwa loyamba.

Ife sitifunika kupita ku Britain kuti timvetse zimenezi. Tili ndi chikanda, chimene a ku Malawi amati chinaka. Tonse timachikonda, ndi tsabola wake. Koma chikanda ndi timbatata ta maluwa a m'madambo ndi m'mapiri. Kale chinali chakudya cha pamudzi, chokumbidwa pang'ono. Lero chili pa msika uliwonse, mpaka ku Lusaka. Madambo ambiri a m'Zambia muno anakumbidwa mpaka kuchepa, ndipo amalonda amakachitenga ku Tanzania ndi ku mayiko ena oyandikana nafe. Ngakhale ku phiri la Nyika, kumene kuli mitundu yoposa mazana awiri ya maluwa amenewa, okumba anafikako. Funsani agogo amene ankakumba chikanda ali atsikana. Akuuzani mtunda umene ankayenda kale, ndi umene anthu akuyenda lero. Kodi tikufuna akakombo athu atsate njira yomweyo?

Njira zabwino zilipo. Pemphani kwa mnzanu. Agapanthus akakula amachita phata lalikulu, lofunika kugawa pakapita zaka zingapo. Akakombo nawo amabereka tiana m'mbali. Amayi a mumpingo, a m'gulu la banki m'khonde, mumabwerekana mbale ndi mipando. Bwanji osagawana maluwa? Kapena ngati wina akutsegula munda watsopano, kapena msewu ukukuzidwa, ndipo chomeracho chifa ndithu, pamenepo pulumutsani. Pemphani kwa mwini malo, kumbani mozungulira patali, nyamulani ndi dothi lake.

Njira ina ndi njere. Kakombo wa mpira uja akatha maluwa amabala timipira tobiriwira, kenako timafiira. Tikafiira, tengani tiwiri titatu, tina musiyire thengo. Chotsani khungu lake, sambani m'manja, dindani njerezo pamwamba pa dothi la mchenga m'chitini choboola pansi. Fesani zikali zatsopano, sizisungika ngati chimanga. Ndiye dikirani. Zaka zitatu, mwina kuposerapo. Ndi nthawi yaitali, inde. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Mango amene mukudya lero, anabzala ndani? Anadikira zaka zingati?

Bambo uja amene amafuna kusintha siteshoni, ngati mukadali nafe, ndikudziwa funso lanu. Maluwa timadya? Sitidya. Ndikhoza kukuuzani za njuchi, kuti mpendadzuwa wanu ndi maungu anu amabereka bwino njuchi zikachuluka, ndipo n'zoona. Ndikhoza kukuuzani za nkhata za pamaliro ndi maluwa a kuguwa Lamulungu, amene masiku ano tikugula apulasitiki pamene enieni akanamera kuseri kwa nyumba. Koma kunena chilungamo, mayi amene wabzala duwa pakhonde pake safunika kupereka chifukwa kwa munthu. Walima chimanga, wapalira mtedza, watola thonje. Kabedi kamodzi ka chinthu chongosangalatsa maso ndi kake.

Chomaliza, ndipo apa kwezani wailesi pang'ono. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Maluwa amene takambawa ndi okongola, koma ambiri ali ndi poizoni. Bluebell yemwe ali nayo, kuyambira duwa mpaka kanyezi. Kakombo wa mpira wofiira ali nayo. Koma woopsa kwambiri ndi flame lily. Chomera chonsecho ndi poizoni, makamaka cha pansi chija, ndipo chimafanana ndi kambatata kapena chilazi chaching'ono. M'mayiko ena anthu afa atachidya mosadziwa. Chimapha munthu, chimaphanso chiweto.

Ndiye mverani bwino. Anyezi a maluwa musasunge kukhitchini, kapena pamodzi ndi anyezi wa ndiwo. Musaike m'nkhokwe ya mbatata. Mukagwira, sambani m'manja ndi sopo. Ngati pakhomo pali ana okwawa, amene chilichonse chimapita kukamwa, flame lily ayambe wadikira mpaka akule. Ndipo mwana kapena wamkulu akadya, musayembekeze kuti muone ngati adwale. Poizoni ameneyu amatha kukhala chete maola angapo, kenako kusanza ndi kutsegula m'mimba n'kuyamba. Thamangirani ku chipatala nthawi yomweyo. Tengani chomeracho, adokotala akachione ndi maso.

Mitambo yayamba kusonkhana, omvera. Sabata ino sankhani malo kum'mawa kwa nyumba, kwezani bedi, mangani kampanda mbuzi zisanakuoneni, ndipo mukagogode kwa mnzanu amene ali ndi phata lofunika kugawa. Kumbukirani ziwiri zija. Masamba musadule. Kuthengo musakumbe.